Kodi wosewera wopanda kontrakiti ndi mfulu?

Kontrakiti ya wosewera ikatha, amatchedwa mfulu chifukwa angathe kusaina kulikonse popanda timu yake yakale kulandira kanthu. Ufuluwu si wakale. Mu baseball ku America unayamba mu 1975, woweruza Peter Seitz atagamula kuti oponya mpira awiri, Andy Messersmith ndi Dave McNally, sanalinso omangika ku matimu awo. Mu mpira wamiyendo ku Ulaya unadza mu 1995 ndi mlandu wa wosewera Jean-Marc Bosman.

Ku Lupaso, mu mzinda wa Mzuzu, kontrakiti ya wosewera ikatha ochemerera sachedwa kulosera: mnyamatayu alowera ku Bullets, ku Wanderers kapena ku Silver Strikers? Kuloserako kumadzutsa funso lovuta. Ngati akabaza pa siteji angadziwiretu kumene munthu apite pongowerengera malipiro, msinkhu wake ndi abale amene akumudalira, wasankha ndani, iyeyo kapena umphawi?

Ena amati zonse zili ndi chozichititsa, choncho ufulu ndi dzina chabe. Ena amati munthu ndi mfulu malinga palibe womukakamiza, pakuti zifukwa zomwe zamukoka ndi zake zomwe. Ganizo lachiwirili likumveka bwino, ndipo likufanana ndi chiphunzitso cha John Calvin, gwero la mipingo ngati CCAP Sinodi ya Livingstonia: Mulungu anakonzeratu zonse, komabe munthu amachita mofuna yekha ndipo adzayankha yekha. Kudziwiratu si kukakamiza.

Msilikali wosewera ku Moyale Barracks nkhani yake ndi ina. Iye analumbira kutumikira dziko, ndipo kuti achoke pamafunikanso chilolezo cha akuluakulu ake.