Kunena Kuti "Zonse Zili Bwino": Chikhulupiriro Kapena Bodza?



Sabata yatha, mapemphero atatha, m'bale wina anandipeza ndikupinda zingwe za masipika. Wandilola kuti ndinene nkhani yake popanda dzina. Ntchito yake pa fakitale ina kuno ku Industrial Area inatha miyezi itatu yapitayo. Koma m'mawa uliwonse amavalabe ovolosi ndi majombo, n'kutuluka pamodzi ndi anthu opita ku shifiti, kuti mkazi wake asadziwe. Ndalama za lendi ndi unga amatenga kaloba. Nditamufunsa chifukwa chake, anati: "Abusa, si munatiphunzitsa kuti tisamalankhule zoipa pa moyo wathu? Ndikanena, ndiye kuti ndavomera kugonja."

Mawuwa anandilasa, chifukwa inenso ndinalalikirapo choncho. Ndipo n'zoona, Miyambo 18:21 imatichenjeza za mphamvu ya lilime. Munthu amene amangodzitemberera tsiku lonse amafooka asanayambe n'komwe. Koma funso ndi ili: kodi kuganiza zabwino ndiye kutseka maso?

Taonani Nehemiya, mutu 2. Atafika ku Yerusalemu sanayambe ndi kufuula chigonjetso. Anadzuka usiku n'kukayendera malinga ogumuka ndi zipata zopsa ndi moto, mpaka anafika pamalo pamene nyama imene anakwera inalephera kudutsa. Wina anena kuti, nayenso anabisa. Inde, koma anakhala chete kuti aone bwino, osati kuti anamize anthu. Atatha kuona, anasonkhanitsa akuluakulu, anatchula vutolo poyera, anawauza za dzanja la Mulungu, kenako anagwira ntchito. Linga linatha m'masiku 52 (Nehemiya 6:15).

Ife a ku Kafue izi timazidziwa. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse. Malaiti ankapita maola ambiri, ngakhale tili pafupi ndi Kafue Gorge. Owotcherera zitsulo ndi ometa tsitsi amene anadyetsa ana awo chaka chimenecho ndi aja anapemphera, n'kuwerenga maola a malaiti, n'kumadzuka pakati pa usiku kukagwira ntchito akabwera. Anavomereza kuti zinthu zavuta, koma sanavomereze kuti zatha.

Kusiyana kwake kuli pamenepo. Bodza limati, "Ndilibe vuto." Mantha amati, "Vuto ili landimaliza." Chikhulupiriro chimati, "Vuto ndi ili, Mulungu wanga alipo, ndipo mawa ndiyambira apa." Mzimu Woyera ndi Mzimu wa choonadi. Sangatsogolere mapazi athu pamene pakamwa pathu pakukana malo amene taima.

Manje sabata ino tichite izi:

1. Tengani pepala. Lembani ngongole zonse, ndi ndalama zimene zimalowadi m'nyumba.
2. Pemphererani pepalalo, mukutchula chilichonse ndi dzina lake.
3. Uzani munthu mmodzi amene nkhaniyo ikumukhudza. Mutu umodzi susenza denga.
4. Sankhani chinthu chimodzi choti muchite Lachisanu lisanafike.

M'bale uja anauza mkazi wake Lachiwiri. Mayiwo analira, koma osati chifukwa cha ntchito. Anali atadziwa kale, poti ovolosi inkabwera madzulo ili yoyera. Chimene chinkawapweteka n'chakuti amuna awo ankasenza okha. Ntchito sinapezeke, ndipo kaloba akadalipo. Koma tsopano akugwada awiri, ndipo agwirizana zoti asatengenso ina. Muwakumbukire m'mapemphero anu.

Kuwerenga kwa sabata ino: Nehemiya 2 ndi Numeri 13. Muone ngati Kalebe anakana kuti mizinda ija inali ndi malinga.

Ambuye akudalitseni. Amen.