Chifukwa Ninji Mzinda Wotamandika Udedwa?

M'midzi ya kwa Mlolo, kwa Zingalume ndi kwa Mwangala, m'boma la Chadiza, palibe dzina la malo limene litchulidwa kawirikawiri kuposa la Lusaka. Mwana akakhoza bwino pasukulu, anthu amati ameneyu adzakakhala ku Lusaka. Matenda akakanika ku Chadiza ndi ku Chipata, abale a wodwalayo ayang'ana ku Lusaka. Koma madzulo, pamene akuluakulu ali kuotha moto, dzina lomwelo limveka ndi mawu ena. Amati kumeneko kulibe ulemu, kumeneko madzi akumwa ngogula, kumeneko kudya ana a eni. Chodabwitsa nchakuti otama ndi onyoza sali magulu awiri ayi. Ndi anthu omwewo, ndipo nthawi zina mawu onse awiri atuluka pakamwa pamodzi tsiku limodzi.

Mbiri yabwino ya mzindawo si yabodza. Malowo anali kasiteshoni chabe pamene njanji inafikapo m'chaka cha 1905, ndipo dzina lake linachokera kwa mfumu ya mudzi wa pafupi, Lusaaka. Mu 1935 boma linasamukira kumeneko kuchoka ku Livingstone, ndipo pa 24 Okutobala 1964 mbendera ya Zambia inakwezedwa komweko. Sukulu ya ukachenjede inatsegulidwa mu 1966. Pa zaka zimene maiko a kumwera anali kulimbana ndi atsamunda, mzindawo unasunga othawa kwawo ambirimbiri, kotero kuti Nelson Mandela, atatuluka m'ndende mu Febuluwale 1990, anapita kukaonekera ku Lusaka mwezi womwewo usanathe. Kalembera wa 2022 anapeza kuti anthu okhalamo aposa 2 miliyoni. Anthu ochuluka chotero sathamangira malo opanda kanthu. Tsono chidanicho chichokera kuti?

Muzu wake ngwakale kuposa mzinda womwe. Angoni a Mpezeni atagonja mu 1898, azungu anakhazikitsa msonkho wa nyumba, ndipo msonkhowo unafuna ndalama, chinthu chimene sichinali kumera m'munda. Amuna anayamba kuyenda pansi kupita ku Salisbury, ku migodi ya Wankie ndi ku Johannesburg, ndipo pambuyo pake ku migodi ya mkuwa. Ena anabwera ndi njinga, mabulangete ndi makina osokera. Ena sanabwere konse, ndipo anthu anawatcha machona. Mawu amenewa ali ndi misozi mkati mwake, pakuti mchona aliyense anasiya mkazi wolima yekha, mayi womwalira osamuonanso, ndi ana a mlongo wake opanda atsibweni owaweruza ndi kuwaimira pamlandu. Pakati pa Achewa, kumene mbumba idalira mwini mbumba, kusowa kwa munthu mmodzi wotere kugwedeza mudzi wonse. Motero pamene Lusaka anakula nayamba kukoka anyamata ndi atsikana a kum'mawa, anapeza mlandu uli chikhalire pabwalo, ndipo anaulowa monga munthu alowa chokolo pamodzi ndi ngongole za malemu.

Koma palinso chinthu china chimene chili mu mbiri yabwinoyo mwini wake. Kutama kuli ngati lonjezo, ndipo lonjezo libala ngongole. Palibe munthu akwiya ndi kamudzi kosadziwika chifukwa chakuti mulibe magetsi, popeza sanayembekezepo kanthu. Koma malo amene munthu wawamva kuyambira ubwana wake kuti ndiwo a ufulu ndi chuma, akawafika napeza kuti agona pansi m'chipinda cha anthu asanu ndi mmodzi, mtima wake uwawa kawiri: uwawa ndi kugona pansiko, uwawanso ndi kunamizidwa. Nanga anamunamiza ndani? Makoma a mzinda salankhula. Anamunamiza ndi abale ake omwe, amene pobwera kumudzi pa Khirisimasi avala zovala zawo zabwino koposa, zina zobwereka, nakhala chete pa za njala ya pakati pa mwezi. Kale makalata anali kubisa zomwezo. Lero zithunzi za pafoni zibisa moposa. Munthu sajambulitsa ali pamzere wa madzi. Ndipo iye amene wakhumudwa, akafika nthawi yake yobwera kudzacheza, nayenso abwereka jekete, pakuti kubwera chimanjamanja ndi manyazi osapiririka. Chomwecho mbiri ikula chifukwa cha manyazi a anthu amene iwapweteka. Akale anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma sananene kuti wodya nkhuyu ija ndiye ayamba kuuza anzake kuti njotsekemera.

Kuwonjeza apo, otama ndi onyoza kawirikawiri sakamba za malo amodzi. Pamene Stanley Adshead anajambula mapulani a likulu latsopano mu 1931, anaganiza za mzinda wa misewu yotakata, mitengo ndi maluwa, wokhalamo azungu ndi antchito a boma. Munthu wakuda anawerengedwa ngati mlendo wodzagwira ntchito, woyenda ndi chitupa, amene ntchito ikatha abwerere kwawo. Koma anthu sanabwerere. Anamanga pa minda ya azungu ndi m'mbali mwa migodi ya miyala, ndipo mwa njira imeneyi munabadwa makomboni ambiri. Lamulo la 1974 linavomereza ena a malo amenewa kuti akonzedwe, komabe mizere ya kale ija ionekabe. Wokhala ku Kabulonga akanena kuti Lusaka ngwokongola, anena zoona. Wokhala ku Kanyama akanena kuti mvula ikagwa madzi alowa m'nyumba, anenanso zoona, pakuti kumeneko mwala uli pafupi ndi nthaka, madzi sapita msanga, ndipo zimbudzi zokumba zisefukira m'zitsime zosaya. Kolera anavuta mu 2017 ndi 2018, ndipo mu Januwale 2024 bwalo lalikulu la mpira la National Heroes linasanduka chipatala cha odwala nthendayo. Mnyamata wochokera ku Chadiza wopanda mapepala a sukulu safikira ku Kabulonga. Ngati afikako, afika ngati mlonda wa pageti kapena wosamala maluwa, naona mzinda wotamandika uja kudzera pa mpanda.

Chinthu chimene chipweteka kwambiri munthu wa kumudzi, komabe, si matope kapena njala, pakuti zimenezo azidziwa kale. Ndi kalandiridwe. Kumudzi mlendo akafika, apatsidwa mpando, madzi ndi moni wautali, ndipo safunsidwa za tsiku lobwerera. Tsono nkhalamba ikwera basi ulendo wa makilomita oposa 500, iwoloka Luangwa, itsikira pa Intercity, nifika kwa mphwake amene inamlipirira sukulu pogulitsa ng'ombe. Mphwakeyo agwada bwino ndithu, nati, “Mwayenda bwanji, atsibweni?” Koma lisanathe tsiku lachitatu afunsa motsitsa mawu, “Nanga muganiza zobwerera liti?” Nkhalambayo ibwerera ndi funso limeneli mumtima, ndipo ikafika kwawo inena kuti ku Lusaka anthu anataya umunthu. Kodi anautayadi? Mphwake uja alipira lendi ya chipinda chimodzi, agula makala pa kachitini, agula ufa, ndiwo ndi madzi, ndipo chiyambire Januwale walandira kale alendo anayi ochokera kumudzi womwewo. Kumudzi nkhokwe ndiyo ilandira mlendo. M'tauni alandira ndi malipiro a pamwezi, amene sachuluka chifukwa chakuti mlendo wafika. Mwambo umene unakula pamodzi ndi nkhokwe uvutika pamalo popanda nkhokwe. Nkhalambayo siinalakwe kumva kuwawa, koma inalakwa dzina la chimene chinaipweteka.

Ngakhale chilankhulo chichita nawo. Wochokera kum'mawa akafika ku Lusaka amva Chinyanja pamsika wa Soweto ndi m'maminibasi, nakondwa poyamba kuti wafika kwa abale. Posachedwa azindikira kuti Chinyanjacho nchosakanizika ndi Chibemba, Chinsenga ndi Chingerezi, ndi kuti iye akalankhula Chichewa chozama cha kwawo, ana amseka kuti ngwa kumudzi. Munthu apirira kusekedwa m'chilankhulo cha eni, koma kusekedwa m'chilankhulo cha amake nkowawa mwa mtundu wina.

Palinso mlandu weniweni, umene suyenera kuchepetsedwa. M'kamwa mwa mlimi, dzina lakuti Lusaka litanthauzanso boma, ndiko kuti malo amene mtengo wa chimanga ulengezedwa ndi kumene feteleza achedwera. Zaka zambiri, m'nthawi ya bungwe la NAMBOARD, boma linayesetsa kuti ufa ukhale wotchipa m'matauni, pakuti anthu a m'tauni akakwiya amveka msanga. Mu Juni 1990, mtengo wa ufa utakwera, ku Lusaka kunabuka chipolowe ndipo anthu oposa 20 anafa. Boma la Kenneth Kaunda linagwa pa chisankho cha chaka chotsatira. Mlimi wa ku Chadiza anaona phunziro lake pamenepo: wogula ufa akalira dziko ligwedezeka, koma wolima chimanga akalira amva ndi nkhuku zake zokha. Chidani chochokera apa sichili nsanje. Ndi kudandaula kwa munthu amene aona kuti thukuta lake lipimidwa ndi anthu amene sanagwirepo khasu, ndipo choyenera si kumtonthoza koma kumuyankha.

Komatu nsanje iliponso, ndipo ibisala bwino pakati pa madandaulo olungama monga nsongole pakati pa mpunga. Ilipo mwa munthu amene mwana wa mnansi wake wamangira makolo nyumba ya malata pamene wake sanatumize kanthu. Ilipo mwa iye amene anayesa mwayi m'tauni nalephera, ndipo tsopano apeza mpumulo ponena kuti onse opambana kumeneko ngakuba kapena okhwima. Kunyoza chinthu chotamandika kumpatsa munthu ulemu wotchipa, pakuti aoneka ngati wopenya kuposa anzake, wosanyengeka ndi zonyezimira. Pali njira imodzi yoyesera mtima wotere. Wonyozayo atalandira uthenga lero kuti mwana wake wapeza ntchito pa Cairo Road, kodi adzalira kapena adzaphika thobwa? Ambiri adzaphika thobwa, ndipo palibe wowadzudzula. Koma kuyambira pamenepo mawu awo onena za kuipa kwa mzindawo ayenera kupimidwa ndi muyeso wina.

Malembo Oyera adziwa mtima umenewu. Yona anatumidwa ku Nineve, mzinda waukulu ndi wotchuka, ndipo anali ndi zifukwa zomveka zoudera, popeza unali wa Aasuri, adani a mtundu wake. Koma chimene chinamkwiyitsa kwambiri sichinali kuipa kwa mzindawo ayi; chinali kulapa ndi kupulumuka kwake. Anakhala kunja kwa mzinda kudikira kuti aone chiwonongeko, namvera chisoni msatsi umene unamchitira mthunzi, osamvera chisoni anthu oposa 120,000 okhala m'katimo. Cholakwa cha Yona chinali chakuti anaona dzina m'malo mwa anthu. Nkosavuta kuda dzina, pakuti dzina lilibe nkhope. Munthu akati Lusaka ngwoipa, saganiza za mayi wogulitsa tomato amene auka usiku kukapikula pa Soweto, kapena namwino wa pachipatala chachikulu amene anasamala mbale wake, kapena mpingo wa m'komboni umene unasonkha ndalama zogulira bokosi la munthu wa kwawo. Ndipo ambiri a anthu amenewa ndi ana a kum'mawa komweko. Ku Lusaka kuli ngakhale komboni yotchedwa Chipata. Wotukwana mzinda wonse atukwana mbumba yake yomwe, imene ndalama zake za pafoni anagulira nazo mbewu chaka chatha.

Otama nawonso ali ndi mlandu wawo. Wokhala m'tauni amene abwera kumaliro ndi madzi ake a m'botolo, nakana kukhala pamphasa, nayankha akulu m'Chingerezi, aphunzitsa mudzi wonse kuda malo amene iye achokera. Anthu a kumudzi ambiri sanauone mzindawo ndi maso. Auona mwa iye. Akadzikuza, kwa iwo Lusaka ngwodzikuza. Akavula nsapato nathandiza adzukulu kumanda, mbiri ya mzinda wonse isintha m'mudzimo kwa chaka chathunthu.

Tsopano kwabadwa mbadwo umene akale sanauganizire. Ndi zidzukulu za machona ndi za iwo amene anapita pambuyo pa 1964, ana obadwira ku Matero, ku Chawama ndi ku Mtendere, amene pa chitupa chawo palembedwa mudzi ndi mfumu za ku Chadiza koma sanamwepo madzi a kumeneko. Kwa iwo malo otamandika ndiwo kumudzi. Amva kuyambira ubwana kuti kwawo kuli ulemu, chakudya chosagula, ndi anthu okondana. Ena a iwo akwera basi mu Ogasiti kupita ku Kulamba, ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi, naona Gule Wamkulu, napitirira kukagona kwa agogo awo masiku atatu. Kumeneko apeza fumbi, mtunda wautali wopita kuchitsime, mikangano ya malire a minda, ndi abale owapempha foni ndi nsapato zimene avala. Pobwerera, basi isanawoloke Luangwa, ayamba kale kuuzana kuti kumudzi anthu ngansanje, ndi kuti iwo sangathe kukhalako ngakhale mwezi umodzi.