Kalamya ka M'thumba: Nzeru Kapena Kudzimana?

Chaka chilichonse, alimi a m'madera ozungulira Nzama m'boma la Ntcheu akagulitsa kachewere, nyemba ndi chimanga, m'mabanja ambiri mumabuka nkhani ya lamya ya m'manja, imene ambiri amangoitchula kuti foni. Ndalama zapezeka, lamya yakale idafa kalekale, ndipo pa benchi la wogulitsa pali mitundu iwiri. Pali tilamya ta mabatani, timene timalowa m'thumba la malaya osaonekera n'komwe. Palinso zikuluzikulu zagalasi, zotambalala ngati chikhatho cha munthu wamkulu, zojambula zithunzi ndi kuonetsa kanema. Nkhaniyi imaoneka ngati ya mtengo chabe, koma mkati mwake muli funso lina lolemera: kodi munthu amene wasankha kanthu kakang'ono, pamene ndalama zogulira chachikulu anali nazo, wachita mwanzeru kapena wangodzimana yekha ndi kumana a pabanja pake?

Nkofunika kuyamba ndi manyazi, pakuti ndiwo amakankha ogula ambiri. Mnyamata akatulutsa kalamya ka mabatani pakati pa anzake amamva ngati wavala chigamba pa tsiku la ukwati. Koma mbiri ya chipangizochi ikusonyeza kuti manyazi amenewa alibe mizu. M'chaka cha 1973, Martin Cooper wa kampani ya Motorola adaimba lamya ya m'manja koyamba mu mzinda wa New York, ndipo lamyayo inkalemera kuposa kilogalamu imodzi. Kuchokera pamenepo makampani adayamba kupikisana pochepetsa zipangizo zawo. Pamene kampani ya TNM idakhazikitsidwa m'Malawi m'chaka cha 1995, ndipo ya Celtel idatsatira mu 1999, bwana weniweni ankadziwika ndi kuchepa kwa lamya yake. Yaikulu ankaiseka kuti ndi njerwa. Zinthu zidatembenuka itabwera iPhone mu 2007, galasi lalikulu n'kukhala chizindikiro cha ulemerero. Chinthu chimene dzulo chinali cha mabwana ndipo lero chikutchedwa cha amphawi sichidasinthe ntchito yake. Adasintha ndi maso a anthu oonerera, ndipo manyazi ochokera m'maso mwa anthu ndi osiyana kutali ndi manyazi ochokera m'chikumbumtima.

Kwa mlimi wa kumudzi, kalamya kakang'ono kali ndi zabwino zimene wa m'tauni sangazione msanga. M'midzi yambiri magetsi a ESCOM sadafike, choncho kutchaja kumadalira sola ya mnansi kapena ulendo wa ku malo a malonda, kumene amalipiritsa. Lamya yagalasi imafuna moto pafupifupi tsiku lililonse, pamene ya mabatani imatha masiku angapo. Ikagwa pa mwala kudimba amaitola, kubwezera batire, n'kupitiriza kulankhula. Ili ndi tochi, monga idalili Nokia 1100 ya m'chaka cha 2003, imene idagulidwa kwambiri pa dziko lonse lapansi. Zambiri zili ndi wailesi. Ndipo za masiku ano, monga za Itel ndi Tecno, zimalowa makadi awiri, chinthu chothandiza anthu okhala m'malire amene amachita malonda ndi anzawo a ku Mozambique. Kulandira ndi kutumiza ndalama pa Airtel Money, imene idayamba mu 2012, kapena pa Mpamba, imene idayamba mu 2013, sikufuna galasi lalikulu ayi. Munthu amene wathera ndalama za feteleza pa lamya yonyezimira, n'kumasowa ya mayunitsi, waiwala za chikomekome cha nkhuyu.

Koma chachikulu pa zonsezi ndi thumba lenilenilo. Thumba ndi malo oikamo chinthu kuti chidikire nthawi yake. Lamya yokwana m'thumba imasiya manja a mwini wake ali omasuka, ndipo manja ali ndi ntchito yaikulu pa chikhalidwe cha Angoni ndi Achewa. Ndi manja awiri mwana amalandira chinthu kwa wamkulu. Ndi manja munthu amaomba pamaso pa mfumu. Ndi manja adzukulu amakumba manda. Lamya yaikulu sikhazikika m'thumba, choncho imangokhala m'manja, ndipo chokhala m'manja chimakoka maso. N'chifukwa chake lero si zachilendo kuona munthu ali pa siwa, kapena pa Misa m'tchalitchi la Nzama, mutu uli wowerama, osati chifukwa cha chisoni kapena pemphero, koma chifukwa chala chikuyenda pa galasi. Thupi lake lafika pamaliro, koma mwini wake ali kwina. Ansembe a chipani cha Montfort atafika pa Nzama m'chaka cha 1901, kalata yopita kwawo ku Ulaya inkayenda masabata ambiri, ndipo pa zaka zonse zimene zidatsatira anthu ankalira chifukwa cha kutalika kwa abale awo. Lero wakutali wayandikira, ndipo amene akudandaula ndi wokhala naye pamphasa imodzi.

Ngakhale zili choncho, wokonda kalamya kakang'ono asafulumire kudziyesa wolungama. Mabanja ambiri a ku Ntcheu ali ndi ana ku Joni. Gogo amene mdzukulu wake adabadwira ku Johannesburg sangaone nkhope ya mwanayo pa lamya ya mabatani. Afunika yagalasi, yokhala ndi WhatsApp. Mwana akatumizira makolo ake lamya yotere, iwo n'kuitsekera m'sutikesi ponena kuti za masiku anozi n'zachibwana, kumeneko si kudzichepetsa. Ndi kunyada kwa mtundu wina, ndipo kumapweteka mtima wa wotumizayo. Chimodzimodzinso wophunzira wa ku sekondale amene sukulu yake ili ndi mabuku ochepa angapindule ndi intaneti, ngati pali womuwongolera.

Thumba nalonso lili ndi mdima wake. Chimene chimalowa m'thumba chimabisika. Lamya za kale za pa positi ofesi zinali za poyera, ndipo woimba ankadziwa kuti ena akumva. Kalamya ka m'thumba kamasunga zinsinsi, ndipo ankhoswe ambiri aweruzapo milandu ya bambo amene amapita nako ngakhale kubafa, kakalira usiku n'kuthamangira nako kuseri kwa nkhokwe. Kuchepa kwa chipangizo sikuyeretsa mtima wa mwini wake.

Pamenepa pakuoneka kuti funso la kukula kwa lamya likuphimba lina lofunika koposa: kodi lamyayo ikhala m'thumba la yani? M'mabanja ambiri imakhala imodzi, ndipo imakhala ya bambo. Iwo akapita kumsika, kumaliro a kutali kapena kumowa, lamya imapita nawo. Mayi, amene chitenje chawo chilibe ndi thumba lomwe, amatsala pakhomo ndi ana, mbuzi ndi nkhalamba. Mwana akatentha thupi pakati pa usiku, kapena mayi woyembekezera akayamba kumva zowawa, woitana wanjinga yamoto kuti awatengere kuchipatala amakhala alibe choitanira. Amayamba kugogoda m'makomo a eni ake, kufunafuna amene lamya yake ili ndi moto.

Apa ndi pamene kusankha kakang'ono kumapeza chifukwa chake chomveka. Ndalama zogulira lamya yagalasi imodzi zimatha kugula ta mabatani tingapo. Bambo amene wabwera kuchokera kumsika ndi tiwiri, kena kake, kena ka akazi ake, sadzatamandidwa ndi anyamata a pa bawo, ndipo zithunzi za pa ukwati adzazionera pa lamya ya mnansi. Mayi aja adzakamangirira kawo pa ngodya ya chitenje, pamodzi ndi ndalama za kuchigayo, ndipo bambowo akachedwa ku Tsangano adzawaimbira kufunsa ngati kachewere wagulidwa.