Mphasa ya Agogo Nabanda

Padangokhala Agogo Nabanda, a ku Section 3 ku Kambuzuma. Amuna awo adali mtchona wochokera ku Dedza, adagwira ntchito ya njanji akukhala ku Rugare. Atamwalira, agogowo adayamba kulera ana a amayi olawirira ku Mbare Musika kukapikula tomato.

Malamulo pakhomopo adali atatu: kusamba m'manja usanadye, osamenya mnzako, osatuluka pageti. Chikwapu padalibe. Wolakwa ankakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango, n'kumasenda mtedza anzake akusewera, kenako ankafotokoza yekha chomwe walakwa.

Koma lamulo lachitatulo linkamulambalala Yamikani, mdzukulu wawo. Akazemba kukagula maputi, agogo ankangomwetulira. "Ameneyu ndi mwini khomo," ankatero. Anzakewo ankaona, poti maso a ana sagona.

Tsiku lina Rudo, wa zaka 4, adamulondola. Kombi yochokera m'tauni idaima mwadzidzidzi, matayala kulira, fumbi koboo! Mwana adapulumuka, koma nsapato yake idatsala pansi pa galimoto.

Mayi ake atafika madzulo, adathyola kanthambi akunjenjemera.

"Agogo, mukwapuleni! Kusukulu boma lidaletsa mu 2020, koma pano si pasukulu."

"Dikirani kaye, mayi a Rudo," adatero agogo, nagwada kuti alingane ndi mwanayo. "Iwe Rudo, unatulukiranji?"

"Yamikani amatuluka tsiku lililonse, inu n'kumaseka."

Agogo adakhala chete nthawi yaitali. Kenako adalandira kanthambi kaja n'kukaponya pamoto.

"Mwanayu sadaphwanye lamulo langa. Ndidayamba kuliphwanya ndine, iye wangodutsa pomwe ndidagumula."

M'mawa mwake ana adadabwa kupeza agogo ali pamphasa ya olakwa, lichero la mtedza pamiyendo, Yamikani pambali pawo. Mnyamatayo adalira, adagubuduzika, adakana phala, adati agogo ake samukondanso. Mawu amenewo adawalasa mumtima, ndipo aliyense wolera mdzukulu akuudziwa ululu wake. Komabe sadamudzutse mpaka lichero lidatha.

Mtedza utatha adamupukuta misozi, namuuza kuti: "Kuyambira lero geti ndi lako. Mnzako akaliyandikira, uzimubweza."

Yamikani adakhalanso pamphasapo kawiri mwezi umenewo. Rudo sadatulukenso pageti mpaka tsiku lomwe mayi ake adamugwira dzanja kupita naye kukayamba Giredi 1.