Kodi Ndarama za Msonkho Ziphunzitse Ana Kupewa Mowa ndi Chamba?

Pali funso limene makolo ndi aphunzitsi amatsutsana nalo kawirikawiri: kodi nkoyenera kuti Boma litenge ndarama za msonkho ndi kuzipereka ku maphunziro ochenjeza ana a m'sukulu za sekondale za kuopsa kwa mowa ndi chamba, pamene sukulu zomwezo zikusowa mabuku ndi madesiki?

Okana ali ndi mau awiri. Oyamba ndi akuti kulera mwana ndi nchito ya makolo. Apa sanama, pakuti ngakhale Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, m'chaka cha 1965, udaphunzitsa kuti makolo ndiwo aphunzitsi oyamba a ana ao. Koma Msonkhano womwewo udatinso Boma liri ndi udindo wothandiza makolo pamene mphamvu zao zaperewera. Tsono mnyamata wa Fomu 2 amene achita lendi kanyumba pafupi ndi sukulu, kutali ndi kwao, mau a amai ake samufika madzulo pamene anzake amuitanira kachasu. Amene amuona tsiku ndi tsiku ndi mphunzitsi.

Mau achiwiri ndi akuti ndarama nzochepa. Izinso nzoona. Komatu Boma limatolera msonkho pa mowa wogulitsidwa m'masitolo ndi m'mabala. Chilungamo chifuna kuti amene alandira phindu pa chinthu asenzeko katundu wa zoipa zotuluka m'chinthucho. Ndipo ndarama zomanidwa ku sukulu sizipulumuka ai: zidzapita ku chipatala cha amisala ku Zomba, ku ndende, ndi ku maliro a ofa pa ngozi za pamseu. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse lidawerenga kuti m'chaka cha 2019 mowa udapha anthu 2.6 miliyoni.

Malamulo alipo kale. Kugulitsa mowa kwa mwana wosakwana zaka 18 ndi mlandu. M'chaka cha 2017 Boma lidakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse ya za mowa, ndipo m'chaka cha 2020 Nyumba ya Malamulo idalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, osalola kusuta. Koma lamulo ligwira dzanja, siliwongola mtima. Mwana akangomva kuti chamba chaloledwa, ndani adzamfotokozera kusiyana kwake? Ndani adzamuuza kuti ubongo wake ukukulabe kufikira zaka ngati 25, ndi kuti woyamba kumwa ali wamng'ono ndiye amagwidwa msanga ukapolo wa mowa?

Ndarama zotere zisathere pa misonkhano ya m'mahotela kapena pa mlendo wodzaopseza ana tsiku limodzi pa chaka, pakuti mantha amatha msanga. Zipite kwa aphunzitsi a phunziro la Life Skills, kuti aphunzitsidwe bwino, akhale ndi mabuku, ndipo azolowetse ana kukana mnzao popanda manyazi. Zithandizenso mwana amene wagwa kale kupeza uphungu, monga uja amapereka Abale a St John of God ku Mzuzu, m'malo mongomchotsa sukulu.

Lamulo lachisanu la Mulungu liletsa kuononga moyo, wa mwini ndi wa mnzake yemwe. Choncho makolo ndi akatekisti amene akhala m'makomiti a sukulu asachite manyazi kufunsa za ndarama zimenezi. Akulu adati m'mera mpoyamba.