Za Munthu Woipa wa m'Nthano

Ku Marapodi, komboni ya ku Lusaka imene inatenga dzina lace kwa Mtaliyana Marrapodi, wooca njerwa ndi laimu, kumakhala anthu ambiri ocokera ku Chipata, ku Petauke ndi ku Malawi. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 anthu otere anali kusonkhana madzulo kwa mnansi wokhala ndi wailesi, kudzamvera nthano za Julius Chongo m'cigawo cochedwa Poceza m'Madzulo. Iye yekha anali kulankhula mau a anthu onse a m'nthanomo, mfumu ndi nkhalamba, wakuba ndi mfiti. Tsono kulikonse kumene nthano zikambidwa, akulu a mpingo amaona cinthu cimodzi cowabvuta: ana amasendera pafupi pamene woipa ayamba kulankhula. Kodi wokamba nthano sacimwa pokometsa woipayo?

Poyamba pafunika kuona woipa amene sagwira mtima. Ameneyo ndiye Fisi. Iye ndi wadyera ndi wopusa, ndipo Kalulu amnyenga tsiku ndi tsiku. Ana amseka, ndipo kusekako sikulakwa. Koma palibe munthu anagonapo usiku ndi mantha akuti iye mwini afanana ndi Fisi. Nthano zotere zikacuruka, munthu ayesa kuti zoipa zidziwika ndi pfungo, ndi kuti zikhala kwa anzace okha.

Mneneri Natani sanatero. Pa 2 Samueli 12, atatumidwa kwa Davide cifukwa ca imfa ya Uriya, iye anapeka nthano ya munthu wolemera wa zoweta zambiri, amene analanda kamwana ka nkhosa kamodzi kokha ka mnansi wace wosauka. Taonani m'mene anamuumbira. Sanampatsa maso ofiira kapena mankhwala a ufiti. Anampatsa mlendo. Wolemerayo anali kucita mwambo umene mudzi uli wonse uutama, ndiwo kuphera mlendo ndiwo. Ndipo mlendoyo kapena anacoka alikuyamika. Coipa cace cinabisala m'kati mwa ulemu. Iye sanada wosaukayo konse. Anangoumira cuma cace ca iye mwini, nayesa kuti kulira kwa mmphawi sikumveka patali. Munthu wotere apezeka m'mudzi ndi m'komboni momwe, ndipo nthawi zina akhala pa mpando wa kutsogolo m'calici. Davide anapsa mtima, naweruza kuti munthuyo ayenera imfa ndi kubwezera kanai, osadziwa kuti alikuweruza mlandu wace womwe. Natani akadamkambira za Fisi, mfumuyo ikadangoseka.

Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa Misyoni ya Nkhoma, anadziwa zomwezi polemba buku lace Nthondo, losindikizidwa m'caka ca 1933. Nthondo ndi wakuba ndi wabodza, koma wowerenga amdziwa kuyambira kubadwa kwace, naona m'mene coipa caching'ono cibala cinzace cacikuru. Cifukwa cace kutembenuka kwace pamapeto kumveka kolemera. Woipa wolembedwa bwino ali ndi amace, ali ndi njala, ali ndi zifukwa zimene iye aziyesa zolungama, ndipo ali ndi nzeru zokwanira kunyenga munthu wocenjera.

Komabe akulu odandaula aja salakwa m'zonse. Alipo okamba nthano amene aonetsa kucenjera kwa wakuba, nabisa nkhope ya wobedwa. Mnyamata wosowa nchito ku Kanyama kapena ku Matero akamva zotere, aphunzira njira ya kuba, osamva kulemera kwace. Ndipo wokambayo ali nao mlandu, ngakhale anena kuti anali kungoseketsa anthu. Sikuthandizanso kupha woipayo mofulumira pamapeto, monga ena acita pofuna kukondweretsa abusa, pakuti ana akumbukira mbali imene inakambidwa mokoma, si mbali imene inangowonjezedwa.

Apa ndipo Natani aposa onse. Za wolemera ananena mau owerengeka, koma pa kankhosa anacedwapo: kuti wosaukayo anakagula nakalera, kuti kanakula pamodzi ndi ana ace, kanadya cakudya cace, kanamwera m'cikho cace, kanagona pa cifuwa cace monga mwana wace wamkazi. Pamene dzanja la wolemera linafika m'khola, Davide anali atakakonda kale kankhosako.