Munthu wouluka adzamuimba mlandu ndani?

Kuchokera ku Metangula mpaka ku Cóbuè, midzi yambiri ili ndi kanyumba ka vidiyo koyendera sola kapena jenereta. Ana amapereka timakobidi n'kukhala pa benchi kuonera Superman, Batman ndi Black Panther, nthawi zina ndi mawu a mnyamata wa ku Malawi amene wamasulira filimuyo m'Chinyanja n'kuthiramo nthabwala zake. Pa wailesi imene ndimagwirako ntchito, nkhaniyi ikangotchulidwa mafoni saleka kulira. Akuluakulu amati: munthu wouluka usiku ife tikudziwa dzina lake, ndi mfiti, nanga bwanji ana athu akumuombera m'manja? Achinyamata amayankha kuti zimenezo n'zopeka, zojambulidwa pa kompyuta, ndipo wouluka wa m'filimu amapulumutsa anthu pomwe mfiti imawadya.

Ine ndikuona kuti onsewa akulimbana ndi kuuluka, pomwe nkhani yagona pena. Nkhwazi imauluka ndipo palibe amaidandaula. Chimene chimaopsa pa mfiti n'chakuti imachita zake mumdima, nkhope yake siidziwika, ndipo wolakwiridwa alibe woti n'kumutengera ku bwalo. Tsono taonani Batman. Amayenda usiku, wabisa nkhope, amamenya amene iye mwini wamuweruza kuti ndi woipa, popanda mfumu kapena mboni. Timamukhulupirira chifukwa filimu imationetsa za mumtima mwake. Koma mayi wa mumzinda wa Gotham amene denga lake lagumuka pa nkhondoyo saona mtima wa munthu, amaona denga.

Sindikunyoza njala imene inabala nthano zimenezi. Superman anatuluka koyamba mu 1938, wopekedwa ndi Jerry Siegel ndi Joe Shuster, anyamata a ku Cleveland, ana a Ayuda obwera, m'zaka zimene umphawi unali utagwira America pakhosi. M'nkhani zoyambirira ankalanga andale achinyengo ndi amuna omenya akazi awo. Msodzi amene wabedwa ukonde, n'kukadandaula koma osamveka, angakane bwanji kulota munthu wotero?

Ife a ku Mozambique tinamuonapo munthu wotero ndi maso, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi sindiitenga ngati ya ana. Chakumapeto kwa nkhondo ya zaka 16, ku Zambézia kunadzuka Manuel António, amene ankati anafa n'kuukanso ndipo ali ndi mankhwala oletsa zipolopolo. Anyamata ake, a Naparama, ankatemedwa mphini n'kupita kukamenyana ndi Renamo atanyamula mikondo ndi zikwanje. M'madera ena anthu anabwerera kuminda yawo chifukwa cha iwo, ndipo ankawaimbira nyimbo. Koma kunamvekanso madandaulo akuti ena a iwo akulanda katundu ndi kuzunza anthu omwe ankati akuwateteza. Kodi mlimi akanakasuma kuti, poti woimbidwa mlanduyo amati chipolopolo sichimulowa? Manuel António anaphedwa pa nkhondo mu 1991. Nkhondo yeniyeniyo inatha pa 4 Okutobala 1992 ku Roma, anthu wamba, otopa, atakhala pa tebulo zaka ziwiri akukangana pa mawu a pa pepala. Filimu yotero palibe mwana angalipire kuti aione.

Opanga mafilimuwo nawonso funsoli limawavuta. Mu Captain America: Civil War ya 2016, mayiko akuuza ngwazizo kuti zizimvera United Nations chifukwa anthu osalakwa afa pa nkhondo zawo. Iron Man akuvomera. Captain America akukana, ati maboma amasintha maganizo ndipo angamutume koipa kapena kumuletsa kopita kofunika. Mawu akewo si opanda nzeru, ife timadziwa kuti boma limalakwa. Komabe ine ndili kumbali ya Iron Man, ngakhale ndi wodzikuza. Boma lolakwa lili ndi dzina, lili ndi ofesi, mukhoza kulilembera kalata, kuliimbira pa wailesi, kulikana pa chisankho. Captain America akalakwa, mumangoyembekeza kuti chikumbumtima chake chimuluma.

Achinyamata amene amatiimbira amakonda Black Panther ya 2018, ndipo ndikumvetsa: dziko la Afirika losalamulidwapo ndi atsamunda, anthu ake akulankhula Chixhosa, atsikana akupanga makina. Chimene ine ndimachikonda m'menemo ndi cha pa mathithi paja. Asanalongedwe ufumu, T'Challa amamwetsedwa mankhwala ochotsa mphamvu zake, n'kuima wopanda chigoba pamaso pa mafuko onse kuti aliyense woyenera amutsutse. Pamenepo wamphamvu wabwera pa bwalo. Koma bwalo lake ndi la nkhonya, ndiye Killmonger atapambana, ufumu wonse unagwa m'manja mwake tsiku lomwelo. Anatentha munda wa mankhwala aja, n'kulamula kuti zida zitumizidwe kunja, ndipo akuluakulu a mafuko anangokhala pa mipando yawo akuyang'ana, chifukwa mwambo wawo unawaphunzitsa kusankha mfumu koma sunawaphunzitse kuikana.